Mkono wa a Jailosi

Zingwangwa, Blantyre
9 Juni 2024

Mwana wanga Doreen,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi ntchito yako. Ife kuno tikudzuka, kungoti chisanu cha chaka chino chabwera ndi mano. Mng'ono wako Grace ali bwino ku Machinjiri ndi banja lake. Jekete unatumiza ndi Hawkins wa galimoto ija inafika, ndipo ndikaivala ku tchalitchi anthu akumandipatsa moni kawiri.

Unandiuza kuti ndizikuyimbira foni, koma ukudziwa wekha kuti ine ndi foni sitimwerana madzi. Munthu amene walemba zikwangwani za mzinda uno zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi azikadinikiza timabatani ngati akuphwanya nsabwe? Ayi ndithu. Hawkins amapita kumeneko ndi katundu kawiri pa mwezi, ndipo kalata simulemera.

Nkhani ndi iyi. Tinakhala pansi ndi amalume ako a Herbert, ndipo tagwirizana kuti chiliza cha malemu amayi ako tidzachionetse Loweruka pa 28 Sepitembala, chaka chitakwana. Yamba kupempha tchuthi kwa abwana ako. Amalume akowo anayamba zoti ku Limbe kuli makina ogoba maina pamwala, akuti ndiye za masiku ano. Ndinawayang'ana mpaka anatsokomola. Ndinati, "Alamu, kuyambira pa Kameza mpaka ku Bangwe, ndi butchala iti, saluni iti, sukulu ya mkaka iti imene sinaonepo dzanja langa? Dzina la mkazi wanga ndiye likalembedwe ndi makina?" Dzina la Eliness ndilemba ndine, ndi burashi yanga, pa mutu wa chiliza umene ndiumbitse pakhomo pano. Ndanena ndipo sindibwereza.

Undiuze za kumeneko. Madokotala ako owongola misana aja akukusunga bwino? Ukadali kukolopa ndi kulandira odwala, kapena tsopano wayamba kupotokola anthu makosi nawenso?

Ndikanalemba zambiri koma cholemberachi chikundivuta kugwira, mwina ndi chisanuchi.

Ndine bambo ako,
Jailosi Namakhwa

Zingwangwa
30 Juni 2024

Doreen mwana wanga,

Moni. Tili bwino. Kalatayi akulemba ndi Grace, ine ndikungoyankhula, chifukwa ntchito zandichulukira.

Za chiliza zija ndaganiza kuti tisunthe tsiku. Mwina chaka chamawa. Tchuthi chija usapemphe kaye. Usandifunse zambiri, ndidzakufotokozera nthawi ikakwana. Uzivala zofunda, ndamva kuti kumeneko kukuzizira kuposa kuno.

Bambo ako

Achemwali, ndalemba momwe anenera. Aima pambuyo panga. Grace.

Rosettenville, Joni
12 Julaye 2024

Ababa,

Landirani moni wanga waulemu. Thupi lili bwino, ntchito ikuyenda. Koma mtima wanga suli bwino, ndipo sindibisa.

Kalata yanu yachiwiri ndinaiwerenga katatu nditaima pomwe Hawkins amatsitsira katundu. Chibadwire changa sindinalandirepo kalata yanu yolembedwa ndi munthu wina. Ngakhale chaka chimene munagona ndi malungo aakulu chija, envulopu munalemba nokha. Lero ntchito zachuluka mpaka mwana wanu mukumuyankhula kudzera m'dzanja la Grace? Ndipo ndi ntchito zanji zimene zaposa amayi?

Tchuthi ndinapempha kalekale ndipo anandipatsa. Ndinaimbira amalume a Herbert kuti ndimve chimene chachitika. Nawonso akudabwa. Akuti masiku ano makwerero anu sakuoneka m'misewu, koma mayi wina wa ku Chilomoni akumafika kunyumba kwathu kawiri pa sabata atanyamula kachikwama, n'kumatseka chitseko. Ababa, ndinu aakulu, ine sindingakuletseni kanthu. Koma chaka sichinathe n'komwe! Dikirani kaye amayi tiwaikire mwala, kenako zinazo muzichita. Zandipweteka kwambiri, ndalira mpaka abwana anandifunsa ngati kwathu kwagwanso zovuta.

Popeza inu mwatanganidwa, ndakupeputsirani katundu. Ndapita kwa ogoba miyala kuno, ndasankha wakuda wonyezimira. Ayamba kumayambiriro kwa Ogasiti, makina alemba dzina, masiku ndi vesi, ndipo Hawkins abwera nawo. Inu simugwira kanthu. Amalume agwirizana nazo. Tsiku lisasinthe, chonde.

Mwana wanu,
Doreen

Machinjiri
14 Julaye 2024

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Ife tili bwino. Mwana wanga Mayamiko wayamba kuyenda ndipo palibe chimene chikukhala pa tebulo. Foni yanga inagwera m'ndowa ya zochapa, ndiye ndikulemba, ndipo ndikulemba mobisa. Ababa akadziwa, ndatha.

Ababa sali bwino, achemwali. Ndi mkono wamanja. Zinayamba mu Meyi ndi phewa, kenako ululu unatsika mpaka m'chigongono, pano chala chachikulu ndi cholozera zachita dzanzi. Pa 20 Juni anali pa makwerero ku Chemusa akulemba chikwangwani cha butchala, burashi inangowapulumuka m'manja n'kugwera pa nyama ya eni ake, penti wofiira waa! Anthu anaseka. Iwo anatsika, kupepesa, kusenza makwerero n'kubwerera ku Zingwangwa wapansi. Chikwerereni sanakwerenso. Mabatani a malaya akumanga ndi dzanja lamanzere, ndipo akatambasula mkono kuti atenge kapu pa shelefu nkhope imachita kukwinyika.

Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale inu. Akuti, "Mzinda ukamva kuti dzanja la Namakhwa lafa, amene andiyitane ndani?" Ndinawauza kuti mbewa ya manyazi inafera ku una, anandiyankha kuti iwo si mbewa.

Mafuta otentha opaka aja atha mabotolo atatu. Mapilitsi a ku golosale sakuphula kanthu. Kenako wina anawalozera mayi wa ku Chilomoni wotema mphini, ndiye akumabwera kawiri pa sabata, akumadzitsekera kuopa kuti a ku mpingo angaone. Mkono wonse watemedwa kuchokera paphewa mpaka pa dzanja, koma ululu uli pomwepo. Azakhali ena akuti ndi amayi akuwagwira mkono poti chiliza chachedwa. Ena akuti ndi anyamata osindikiza mabanala, zikwangwani za pamakina zija, ku Limbe akufuna kuwalanda ntchito. Ine zanga ndikuopa sitiroko, koma kuchipatala akukanitsitsa.

Lachinayi ndinawapeza atayala nyuzipepala pa tebulo, akuyesa kulemba dzina la amayi. E woyamba anatuluka wonjenjemera ngati walemba mwana wa sitandade wani. Anang'amba pepalalo n'kutuluka panja osandiyang'ana. Chiliza asuntha chifukwa cha chimenechi basi. Akuti bola lichedwe kusiyana n'kuti alembe munthu wina.

Inu mumagwira ntchito kwa anthu odziwa za mafupa. Tafunsani, mwina pali nzeru. Ine mutu waima.

Mng'ono wanu,
Grace

Zingwangwa
17 Julaye 2024

Doreen,

Moni. Zilembozi zikukhota chifukwa ndalemba ndi dzanja lamanzere. Mawu awa sindinafune kuti adutse m'makutu mwa Grace.

Kalata yako ndaiwerenga. Ndiye iwe ndi amalume ako mwandipezera kale mkazi? Zikomo kwambiri. Ine ndinakhala ndi Eliness zaka makumi atatu ndi zinayi. Ngati mwana wanga amene ndinamuphunzitsa kugwira pensulo akuganiza kuti ndingaiwale m'miyezi khumi, ndiye kuti pena pake ndinalephera. Mayi ukumunenayo amabwera ndi lumo, osati ndi chikondi. Dzanja langa lamanja lapita ku tchuthi pang'ono, basi. Libwera.

Za mwala wako wonyezimirawo, ukautumiza ndiuika kuseri kwa nyumba, anthu azichapirapo zovala. Pa manda a mkazi wanga sufika ine ndili moyo.

Ndakwiya, ndipo ndikukuuza kuti udziwe. Koma ndiwe mwana wanga. Uzidya mokwanira.

Bambo ako

Rosettenville
4 Ogasiti 2024

Grace mng'ono wanga,

Moni kwa iwe, alamu ndi Mayamiko. Kalatayi ndaijambula n'kutumiza pa foni ya alamu, chifukwa sindingadikirenso Hawkins. Galimoto yake inafera ku Tete masabata awiri, ndipo kalata yako ndi ya ababa zandipeza dzulo pamodzi. Ndinayamba kutsegula ya ababa. Nditafika pa yako ndinakhala pansi pamsewu pomwepo. Manyazi amene ndili nawo sindingawafotokoze. Munthu akuvutika yekha, ine n'kumamupezera mkazi!

Lero m'mawa ndapita kunyumba kwa abwana ngakhale ndi Lamulungu. Ndi mayi wachikulire, ntchito yake kuno amati kayiropulakita, ndiye kuti dokotala wowongola msana ndi khosi ndi manja. Ndawamasulira kalata yako mzere ndi mzere. Atamva za zala ziwirizo anandiimitsa, n'kundigwira kuseri kwa khosi. Akuti m'menemu muli timafupa tisanu ndi tiwiri tosanjikizana, ndipo pakati pake pamatuluka mitsempha yopita ku phewa, ku mkono mpaka ku zala. Pamenepo pakapanikizika, ululu umakamvekera kutali. Zili ngati waya wa magetsi wothinidwa ndi chitseko: vuto lili pachitseko, koma babu likuthima kuchipinda. Ndiye mwina ababa akhala akutema mkono wosalakwa.

Akuti nthawi zina vuto limakhaladi paphewa penipeni, minofu kutupa kapena kung'ambika chifukwa chogwira ntchito manja ali m'mwamba, kapena kusenza zolemera mbali imodzi. Sangatsimikize asanawaone. Koma anenetsa zinthu ziwiri. Choyamba, apite kaye kuchipatala akawayeze bipi, shuga ndi mtima, ajambulidwenso khosi. Ukadzaona pakamwa papotoka, mawu akulemera kapena pachifuwa pakuwawa, usadikire kalata ya munthu, thamangira nawo. Chachiwiri, akatuluka bwino kumeneko, apite kwa Mayi Sophie, Mmalawi amene anaphunzira ntchito imeneyi kuno n'kubwerera kwathu. Ali ndi kachipinda chakufupi ndi Ginnery Corner. Nambala ndalemba m'munsimu.

Ukudziwa kuti akana. Usawachonderere, ababa sachondereredwa. Ungowauza kuti Doreen akuti ngati akuopa asapite.

Tsopano izi uwawerengere. Ababa, ndalakwa. Ndinayankhula ngati mwana wopanda mwambo, ndikhululukireni. Mwala uja ndaletsa, sanaugwire n'komwe. Dzina la amayi mulemba ndinu. Likachedwa lichedwe, ndidikira.

Doreen

Machinjiri
18 Ogasiti 2024

Achemwali,

Moni wa chimwemwe. Tonse tili bwino. Khalani pansi bwino, nkhani ndi yaitali.

Nzeru yanu ija inagwira ngati ulimbo. Nditangoti "akuti ngati mukuopa", anadzuka. "Ine kuopa? Ndinalemba pamwamba pa nyumba ya nsanjika zinayi mphepo ikuwomba, ndiope kamtsikana kogwira makosi?" Mawa lake ndinawapeza atavala kale jekete yanu, nsapato atapolisha. Kupepesa kwanu anamvetsera, kenako anati ndiwerengenso.

Kuchipatala tinataya tsiku lonse pa mzere, koma tinatuluka ndi nkhani yabwino. Mtima uli bwino, shuga alibe, bipi yakwera pang'ono chabe. Sitiroko ayi. Chithunzi cha khosi tinanyamula kupita nacho kwa Mayi Sophie.

Mayiyo ndi wamfupi, woyankhula pang'onopang'ono. Ataona mphini zija sanaseke, anangoti, "Bambo, izi tisiyire pomwepa, zilonda zipole." Ababa anatambasula mkono kuti awaonetse, koma iye anazungulira kumbuyo kwawo. Anawapendeketsa mutu kumanja n'kudinikiza pang'ono. Ababa anadumpha, akuti moto wathamanga mpaka ku chala chachikulu. Kenako anawagwira chibwano ndi nkhongo n'kukweza mutu m'mwamba pang'onopang'ono.

"Nanga pano?" anafunsa.

"Wazima," anatero ababa, maso ali tong'o.

Anayamba mafunso. Makwerero mumasenzera phewa liti? Lamanja. Zaka zingati? Makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Mukamalemba pamwamba mutu umakhala bwanji? Chagada. Mayiyo anati zimenezo ndi zimene zaperepesa timafupa tam'munsi mwa khosi, anatilozera pa chithunzi. Koma anati khosi lapirira zaka zonsezi, pali china chimene chalimaliza chaka chino.

"Bambo, mumagona bwanji?"

"Ngati munthu aliyense."

"Pilo mmodzi kapena awiri?"

Ababa anayang'ana chipewa chawo, kuchitembenuza, kuchitembenuzanso. Kenako anati, "Sindigona pa bedi." Achemwali, kuyambira tsiku limene tinaika amayi, ababa akhala akugona pa mpando wa ndalema uja wa pabalaza, mutu atatsamiritsa kukhoma mbali yakumanja. Miyezi khumi ndi umodzi! Ine ndimapitako sabata iliyonse, kuchapa, kusesa, osadziwa. Ndikafuna kulowa kuchipinda ankati akonza kale. Ndinalira pamaso pa munthu wachilendo, osadzigwira.

Mayi Sophie anadikira kuti ndimalize. Kenako anawagoneka pa kabedi kake kopapatiza, kuwakanda minofu ya paphewa ndi kuseri kwa khosi, kukoka mutu mofatsa kangapo. Pakati pa mapewa anadinikiza kamodzi, panalira kuti thwa! Ababa anati "Mayo!" kenako n'kunamizira kutsokomola. Anawaphunzitsa kubweza chibwano m'mbuyo mutu uli chilili, kakhumi, katatu pa tsiku, ndi kukokera mapewa kumbuyo. Azipita kawiri pa sabata. Makwerero ayi. Ndipo ananeneratu kuti iye si wamatsenga, ngati pakatha milungu inayi dzanja likupitirira kufooka, awabweza kuchipatala kwa madokotala a mitsempha.

Ababa anafunsa chimodzi chokha. "Pofika pa 28 Sepitembala ndilemba?"

"Sindilonjeza," anatero. "Koma mpando ndi burashi simungasunge zonse. Sankhani chimodzi."

Titafika kunyumba ababa anapita okha kukatsegula chitseko cha kuchipinda. Bedi linali loyalidwa momwe amayi analisiyira, chitenje chawo cha Mvano chili chopindidwa kumiyendo. Kenako anati, "Chotsa pilo mmodzi, dokotala wanena mmodzi." Mpando uja ndinaupititsa kwa aneba tsiku lomwelo, asanasinthe maganizo.

Tsiku silinasinthe, achemwali. Anena okha.

Grace

Zingwangwa
8 Sepitembala 2024

Mwana wanga Doreen,

Moni. Tayang'anitsitsa zilembozi. Wazizindikira? Lamanja limeneli. Labwerako ku tchuthi, lowonda pang'ono koma ndi lomwe lija.

Ndinakukhululukira kalekale, usamangobwereza. Pakamwa pakopo unatengera ine, ndikadandaule kwa yani?

Dokotala wako uja ndi katswiri, ndavomera, ngakhale amalamula ngati sajeni. Ndapitako kasanu ndi kawiri. Ululu unayamba kuthawa ku zala, n'kukwera ku chigongono, pano watsalira pang'ono paphewa. Iye akuti ukamabwerera kumtunda choncho ndiye kuti zikuyenda. Chala chachikulu chikadali ndi kadzanzi kunsonga, koma burashi chikuimva. Masewero ake obweza chibwano ndimachitira pakhonde m'mawa, ndipo aneba akuti ndayamba kunyada. Ndawauza kuti sindinayambe lero.

Masiku oyamba pa bedi anali ovuta. Sindikubisira, ndinalira. Koma pano ndikugona, ndipo ndikudzuka khosi lili lomasuka.

Mutu wa chiliza tinaumba, wauma bwino, ndaupaka woyera katatu. Ine ndinkafuna kuugoneka pansi ndizilemba chowerama monga ndimachitira, koma sajeni wakana. Akuti ukhale pa tebulo, utatsamira khoma, dzina lilingane ndi maso anga, ndipo ndizilemba mphindi makumi awiri basi n'kupumula. Ine amene ndinkamaliza chikwangwani cha sitolo dzuwa lisanafike pamutu, pano ndikulemba zilembo zitatu pa tsiku! Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzulo ndamaliza ELI. Lolemba ndiyamba NES.

Amalume ako anabwera Lachisanu, akuti kudzandizonda, koma maso ali pa nsalu imene ndaphimbira mutu wa chilizawo. Anati, "Alamu, ngati zikuvuta musadzikakamize, makina aja akadalipo." Ndinawapatsa tiyi n'kuwaperekeza mpaka pa siteji. Adzaona tsiku lake pamodzi ndi anthu onse.

Ubwere msanga, usakwere galimoto ya Hawkins. Undiuze tsiku, ndikakuchingamira ku Wenela.

Ndine bambo ako,
Jailosi Namakhwa

Zingwangwa
13 Okutobala 2024

Doreen mwana wanga,

Ndikhulupirira unafika bwino ndipo wayambanso ntchito. Upereke moni wanga kwa abwana ako, uwauze kuti munthu amene anamuchiritsa osamuona akuthokoza. Kuno kwayamba kutentha. Mkono uli bwino, kwa sajeni ndikupita kamodzi pa milungu iwiri. Ndalandira ntchito ziwiri, zonse zapansi, ndipo makwerero ndikufuna kuwaikira matayala kuti ndisamawasenzenso paphewa.

Za tsiku lija unaona wekha. Unaona momwe anthu anasenderera pafupi nsalu itachotsedwa. Unaona amalume ako akuyendetsa chala pa zilembo, n'kutembenukira kwa abusa kuti, "Alamu angatu amenewa, dzanja lawo." Ndinanyada, mwana wanga. Zikwangwani ndalemba zosawerengeka, koma chimene chija ndi chimene ndidzayankhe nacho ndikadzafunsidwa kuti unagwira ntchito yanji.

Ku Wenela, basi itayamba kulira, unandifunsa chifukwa chimene ndinakanira mwala wako mpaka kutsala pang'ono kudana nawe. Unati, "Ababa, kunali kunyada basi?" Ndinakuuza kuti ukwere, basi ikusiya. Pagulu sindikanatha. Ndikuyankha pano.

Amayi ako sanapiteko ku sukulu. Mwina unkakayikira, mwina ayi, chifukwa anali wochenjera kuposa tonsefe. Buku la nyimbo ankalitsegula m'tchalitchi ngati wina aliyense, koma nyimbo zonse zinali pamtima. Makalata ako ankati magalasi awasokonekera, ndiwawerengere ine, ndipo magalasiwo sanakhalepo nawo. Tsiku la ukwati wathu, mu 1989, anadinda chala m'buku pamaso pa abale anga, ndipo wina anaseka. Analira njira yonse. Anandipempha kuti ana athu asadzadziwe, ndipo ndasunga mpaka lero.

Sabata yomweyo ndinatenga kathabwa n'kulembapo dzina lake ndi burashi. Anakapachika kukhitchini, n'kumakayang'ana akuphika. Zilembo zina zonse zinamukana, tinayesa mpaka tinaleka. Koma dzina lake analigwira. Kungoti analigwira monga munthu amagwirira nkhope ya mnzake: E wanga wa mchira wautali, ma S anga awiri opendekera kutsogolo. Likalembedwa ndi wina silinali lake. Tsiku lina ku chipatala anasanja makadi pa tebulo kuti aliyense atole yake. Yake inali yotayipa. Anakhala pa benchi mpaka anthu onse anatha, n'kutola yotsalayo.

Kuyambira pamenepo chilichonse chake ndinkalemba ndine. Ndowa, mabeseni, mbale zimene azimayi amabwerekana pa maliro ndi pa maukwati. Zikasakanikirana zana limodzi kuseri kwa nyumba ya maliro, amayi ako ankafika, kuloza osazengereza, "Iyo yanga, yalembedwa apo," mokweza kuti onse amve kuti awerenga. Akabwera kunyumba ankandiuza akuseka ngati mtsikana.

Ndiye waona, mwana wanga. Mwala wako unali wokongola, sindikukana. Koma akanalemba makina, Eliness akanafika pamenepo n'kudutsa, osadziwa kuti ndi pake.

Pano akudziwa.

Ndine bambo ako,
Jailosi Namakhwa